Tinkadyeranji sadza m'njira ndalama ya Zimbabwe itagwa

Anzathu oyenda msewu wa Chirundu, tikumbutsane. Kuyambira mu 2000 mafamu a ku Mashonaland atalandidwa, antchito ambiri, ena ochokera kwathu ku Malawi, anatsala manja lende, amayi ena n'kuyamba kugulitsa sadza m'matauni ngati Karoi ndi Chinhoyi. Mu 2007 boma litalamula kuti mitengo itsike, ufa unasowa m'mashopu, moti kuphika wekha kunavuta. Pofika 2008, ndalama yolandira m'mawa imafika madzulo itatha mphamvu, ndiye bola kuidyera pompo kusiyana n'kuisunga. Podyerapo ndi pomwenso timamva reti ya tsikulo, kumene kuli dizilo ndi kokapeza katundu wobwerera naye. Lero zikathina, tichepetse zina, koma tisasiye kudya pomwe madalaivala anzathu amakumana.