Njanji ya Odwala Imene Idasanduka ya Osangalala

Davos ndi tauni ya m'mapiri a Alps, kuvuma kwa dziko la Switzerland. Masiku ano alendo amakwera mapiri ake pasitima zokokedwa ndi chingwe kuti akaone malo, akayende m'tinjira, kapena akatsetsereke pachipale chofewa atamangirira timatabwa titalititali kumapazi. Komatu amene adatsegula njira ya kumapiriwa adali anthu odwala.

M'chaka cha 1853 kudafika dokotala wa ku Germany, Alexander Spengler. Iyeyu adaona kuti eni chigwacho sankadwaladwala chifuwa chachikulu, choncho adakhulupirira kuti mphepo youma ya kumapiri ndi mankhwala. Mbiriyi itawanda, odwala adayamba kukhamukira kumeneko. Mu 1867 Willem Jan Holsboer wa ku Netherlands adabwera ndi mkazi wake wodwala. Mayiyo adamwalira, koma Holsboer sadabwerere kwawo. Adalimbikira kuti njanji ifike ku Davos, ndipo idafikadi mu 1890. Ndiyenso adayambitsa ganizo lomanga chipatala pa Schatzalp, mamita 300 pamwamba pa tauniyo.

Munthu wobanika m'chifuwa sakadatha kukwera chitunda chotere wapansi. N'chifukwa chake mu 1899 adatsegula njanji yachingwe yopita pa Schatzalp, chipatala n'kutsegulidwa mu 1900. Panjanji yotere mabogi awiri amamangidwa kunsonga ziwiri za chingwe chimodzi chachitsulo, chimene chimazungulira gudumu lalikulu pamwamba paphiri. Bogi yotsika imathandiza kukoka yokwera, motero injini siivutika kwambiri. Pakati paulendo njanji imagawikana kuti mabogiwo aphonyane.

Pang'ono ndi pang'ono kudayamba kufikanso anthu athanzi okonda masewera a pachipale. Iwowa adawamangira njanji ya Parsenn mu 1931, ndipo chaka chotsatira idafika pa Weissfluhjoch, mamita oposa 2,600 kuchokera panyanja yamchere.

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Mu 1943 ku America kudapezeka mankhwala a streptomycin, ndipo posakhalitsa odwala adaleka kufunafuna mphepo ya kumapiri. Zipatala zambiri zidatsekedwa. Cha Schatzalp chidasanduka hotela m'zaka za m'ma 1950.

Davos ikadadalira odwala okha, bwenzi itafa pamodzi ndi zipatala zake. Idapulumuka chifukwa njanji zake zidali zitapeza kale okwera ena. Mpaka lero sitima ya Schatzalp ikukwerabe phiri lomwelo, koma itanyamula anthu oseka.