Halloween Idapeza Zilombo Zili Kale Pabwalo

Okutobala akamapita kumapeto, Lilongwe imakhala ikuphikidwa ndi dzuwa la chilimwe. M'masitolo ena a ku Area 4 mumaoneka zigoba zapulasitiki za nkhope ya chigaza, ndipo usiku wa pa 31 ana a m'nyumba zina za ku Area 10 ndi Area 43 amavala ngati mizukwa n'kumapempha maswiti. Imeneyo ndiyo Halloween. Akhristu ambiri mumzindamu safuna n'kuimva komwe, amati n'zausatana, chonsecho mbiri yake idadzera m'tchalitchi.

Kalekale anthu a ku Ireland ndi ku Scotland ankachita mwambo wa Samhain akatha kukolola, chisanu chili pafupi. Ankasonkha moto waukulu, pokhulupirira kuti usiku umenewo mizimu imayendera amoyo. Chikhristu chitazika mizu, tsiku la Oyera Onse lidakhazikika pa 1 Novembala, ndipo mu 835 mfumu Louis the Pious idalamula kuti lizikumbukiridwa m'dziko lake lonse. Pambuyo pake Odilo, mkulu wa amonke ku Cluny m'dziko la France, adapatula 2 Novembala kuti likhale lopempherera akufa onse. Amphawi ankayenda khomo ndi khomo kulandira timikate, n'kulonjeza kupempherera omwalira a pakhomopo.

Nanga dzungu losemedwa nkhope la pa Halloween? Nthano ya ku Ireland imasimba za Jack, tambwali amene adapusitsa Satana, ndipo atamwalira adakanidwa kumwamba ndi kumoto komwe. Adangotsala woyendayenda mumdima, atanyamula khala lamoto mu muzu wa tanipi woboola mkati. Njala imene idayamba mu 1845 itathamangitsira anthu a ku Ireland ku America, kumeneko adapeza maungu, osavuta kusema. Kuno kwathu pofika Okutobala maungu amakhala atatha kalekale.

Koma nyengo yomweyi ili ndi eni ake. Kuyambira chimanga chikalowa m'nkhokwe mpaka mvula yoyamba, ng'oma za Gule Wamkulu zimamveka m'midzi yozungulira mzindawu. Ndiyo nthawi ya chinamwali, yolonga mafumu, ndiponso ya mpalo kapena bona, pamene abale amafulula mowa wokumbukira womwalira patapita miyezi ingapo kapena chaka. Achewa amadziwa kuti mzimu wosaperekezedwa bwino umasanduka chiwanda n'kumavutitsa mudzi. N'chifukwa chake usiku kumatuluka Kasiyamaliro, chilombo chachikulu chooneka ngati nyama ya nyanga, cholukidwa ndi udzu ndi makoko a chimanga, kudzatenga mzimuwo kuti ukakhale pamodzi ndi makolo. Zilombo zimachokera ku dambwe, pafupi ndi manda, ndipo wosameta saloledwa kupondako. Mwana akathawa Kang'wingwi sathawa chidole. Amathawa mlendo wochokera kwa akufa.

Amishonale adalimbana naye kwambiri gule ameneyu. A White Fathers atatsegula mishoni ku Mua ndi ku Likuni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mkangano wawo ndi anyau udakula mpaka m'ma 1920, polimbirana ana: sukulu kapena dambwe. Anyau sadagonje. Adangotenga alendowo n'kuwavinitsa pabwalo, ndipo mpaka lero Maliya ndi Simoni wankhope yofiira amatuluka pakati pa zilombo zinzawo. Chodabwitsa n'chakuti pa Mua pomwepo ndi pomwe wansembe Claude Boucher adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba ya Chamare ya pamalopo ikusunga zigoba za gule zoposa 400. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Kusiyana kwa miyambo iwiriyi n'koonekeratu. Halloween idafika ku Lilongwe itataya kale akufa ake, idangotsala ndi zovala ndi shuga. Gule sadawataye: aliyense pabwalo amadziwa dzina la amene akuperekezedwa. Ngakhale Akatolika a ku Maula, mu Novembala amapitabe kumanda kukapempherera abale awo.

Kwa makolo a mumzindamu amene ana awo amadziwa za Jack koma sadamvepo za chilombo chotchedwa Chadzunda, ulendo wa ku Mua si wautali. Komanso chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la Ogasiti, zilombo za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique zimavina pamaso pa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia.