Batire la foni yanu linayamba kukalamba mu 1980

Batire la foni likayamba kutha msanga, ambirife timaloza chala tchaja kapena kuthimathima kwa magetsi. Koma gwero la vutoli ndi lakale kuposa foni imene ili m'manja mwanuyo. Ine ndimaphunzira mbiri yakale, ndipo chimene chandikopa pa nkhaniyi n'chakuti akatswiri ankadziwa za kukalambaku kuyambira pachiyambi penipeni.

Mu 1980, John Goodenough ndi anzake ku yunivesite ya Oxford anapeza kuti lithium cobalt oxide ingagwire ntchito ngati cathode, mbali ya batire imene lithium imachokako tikamatchaja, n'kubwererako tikamagwiritsa ntchito foni. Mkati mwake maatomu anayalidwa mosanjikizana, ndipo lithium imakhala pakati ngati mizati. Mukachotsa lithium yopitirira theka, zosanjikizanazo zimasuntha ndipo cathode imayamba kugumuka. N'chifukwa chake Sony itayamba kugulitsa mabatirewa mu 1991, inawaikira malire kuti pafupifupi theka lokha ndilo lizituluka. Foni ikalemba 100%, yangofika pa malire oikidwa ndi anthu.

Mu 1983, Michael Thackeray wa ku South Africa, akugwira ntchito ndi Goodenough, anabweretsa cathode ya manganese yomwe inali yotchipa. Nayonso inali ndi nthenda yake: kukatentha, manganese imasungunuka pang'onopang'ono m'madzi a m'batire. Galimoto yamagetsi ya Nissan Leaf, imene inatuluka mu 2010, inali ndi batire la mtunduwu, ndipo pofika 2012 eni ake ena ku Arizona, dera lotentha kwambiri ku America, anali akudandaula kuti mphamvu ya mabatire awo yatsika msanga.

Mu 1997, gulu la Goodenough, lomwe tsopano linali ku Texas, linalengeza za lithium iron phosphate. Iyi ndi yolimba, imapirira kutchajidwa maulendo masauzande, koma imasunga mphamvu yochepa. Ma cathode okhala ndi nickel wambiri amasunga mphamvu yochuluka, koma timibulu take timatupa ndi kuphwa pa kutchaja kulikonse mpaka kung'aluka.

Pa mbiri yonseyi, ine ndikuona kuti palibe amene wapeza zonse ziwiri. Wofuna mphamvu yambiri amataya zaka za batire, wofuna batire lokhalitsa amanyamula cholemera. Wosankha ndi kampani, koma wolipira ndi wina: wophunzira amene wagula foni yogwiritsidwa kale ntchito, cathode yake itatopa kale, komanso wokumba cobalt ku Democratic Republic of Congo, dziko limene limatulutsa cobalt yoposa theka ya dziko lonse lapansi.

Choncho pogula foni tisamangofunsa za kamera. Tizifunsanso kuti batire lake latchajidwa kangati, ndiponso ngati lingasinthidwe likafa.