Kusukusula ku Kasina, kale ndi lero

Ku Kasina, kumapiri a Dedza, kusukusula m'mawa kunali ntchito ya madzi ndi manja basi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chisanu chikaluma, mayi ankateleka mphika mbandakucha kuti bambo ndi alendo apeze madzi ofunda. Ana ankathirirana ndi chikho kuseri kwa nyumba, kuchotsa manthongo asanapatse moni akulu, poti kuonekera osasukusula kunali chipongwe.

Sopo asanafale, litsiro louma ankalipala ndi madeya, ndipo ena ankafikisa masamba a chewe m'madzi mpaka atanda, n'kusambira. Mphepo yakumapiri imang'amba khungu, choncho mafuta a nsatsi, okazinga, kusinja ndi kuwiritsa, ankatsiriza ntchitoyo.

Sopo anabwera ndi masitolo a amwenye, amishoni ndi matchona obwerera kuchokera ku Joni. Mtanda umodzi wa Sunlight unkadulidwa ndi mpeni: chidutswa chochapira, china chankhope. Sopoyo anabweretsa mwambo watsopano, kutsukuluza. Thovu lotsalira limayabwa m'maso ndi kutuwitsa masaya, motero anthu anazolowera kukapiza madzi oyera kangapo asanapukute ndi chitenje n'kudzola Vaseline.