Wozimitsa Moto Amene Anasanduka Mlembi

Ife a kuno ku Nkhotakota moto timaudziwa, makamaka mwezi wa October pamene tchire lauma, ndipo timauzima ndi zitsamba pamodzi ndi ndowa za madzi. M'mizinda ikuluikulu muli anthu olembedwa ntchito yomweyi, okhala ndi galimoto lao la madzi. Lero ndikuuzani mbiri ya mmodzi wa iwo, Larry Brown wa ku America.

Munthuyu anabadwa m'chaka cha 1951 kufupi ndi mzinda wa Oxford m'chigawo cha Mississippi. Atate wake analibe munda waowao. Ankalima pa nthaka ya mwini wake nagawana naye zokolola, monga achitira matenanti a fodya kwathu kuno. Kusukulu mwanayo sanali wanzeru zoonekera, pakuti analephera ngakhale phunziro la Chingerezi. Atatumikira zaka ziwiri ku usilikali, analowa ntchito yozimitsa moto ku Oxford mu 1973, nakwera kufikira pa ukapitao.

Tsono malipiro anali ochepa. Masiku opuma iye ankagwira maganyu: kubzala mitengo, kumanga mipanda, kututa udzu wa ng'ombe. Mu 1980 anaganiza kuti kulemba mabuku ndi ntchito yoti munthu angaiphunzire ndi manja ake monga umisiri wa matabwa, natenga taipi ya mkazi wake, nayamba. Buku loyamba linali la chilombo chodya anthu m'nkhalango ya Yellowstone, ndipo palibe wosindikiza analifuna. Nkhani zake zinkabwezedwa nthawi ndi nthawi. Imodzi inatuluka mu 1982, koma m'magazini ya okwera njinga zamoto! Buku lenileni, Facing the Music, linasindikizidwa mu 1988, atalimbikira zaka 8. Ine ndiona kuti zaka zimenezi ndizo mtima wa mbiri yake, pakuti mlimi amene mbeu zamkanika zaka zitatu zokha amayamba kunena zosamuka.

Chimene chinasintha ndi ichi: analeka kulemba za kutali, nayamba kulemba za anthu amene anawadziwa, ndiwo aganyu, zidakwa ndi asilikali obwera kunkhondo. Dirty Work, la mu 1989, likamba za asilikali awiri opunduka pa nkhondo ya ku Vietnam, wakuda ndi mzungu, ogona m'chipatala chimodzi. Joe, la mu 1991, likamba za kapitao amene gulu lake lithira mankhwala akupha m'mitengo yachilengedwe kuti eni malo abzalepo paini. Wa zaulimi aliyense powerenga pamenepo mtima umamuwawa, koma Brown sanabise, chifukwa ndimo anthu akwao ankapezera chakudya.

Mu 1990 anasiya ntchito ya moto atagwira zaka 17, kuti azingolemba. Pambuyo pake analemba On Fire, m'mene anafotokoza za kudikira belu usiku, ndi za kutulutsa anthu ophwanyika m'magalimoto a ngozi, pakuti ozimitsa moto amaitanidwanso pa ngozi za pamseu.

Anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 24 November 2004, ali ndi zaka 53. Anasiya buku losatha, A Miracle of Catfish, lonena za mlimi wokalamba amene anakumbitsa dziwe naikamo milamba. Linasindikizidwa mu 2007 lopanda mitu yotsiriza, ndipo kumapeto kwake anaikako timau timene mwini wake analemba pokonzekera mathero.