Mbiri ya nyali ndi magetsi kuseri kwa phiri la Mulanje

Agogo ochepa amene atsala m'midzi ya ku Phalombe, omwe anabadwa dziko lino likadali Nyasalande, amakumbukira usiku wa mtundu wina umene adzukulu awo sangaumvetse. Dzuwa likangolowa, mudzi unkatsala ndi zounikira zitatu basi: moto wa pamafuwa, muuni wa udzu, ndi mwezi ngati inali nthawi yake. Mayi wofuna kusuzumira pamene pagona mwana ankasolola udzu kutsindwi n'kuuyatsa, ndipo ankachita changu moto usanafike kuzala. Ena ankasenda nsatsi, kuzitunga pa kamtengo kowonda monga atungira mikanda, n'kuyatsa ya pamwamba. Mafuta ake ankayaka pang'onopang'ono kuchoka pa njere ina kupita pa inzake, utsi uli tolo. Ntchito iliyonse yofuna maso inkayenera kutha kukadawala. Usiku unali wa makutu, ndipo n'chifukwa chake nthano ndi zilape zinali za madzulo, pamene ana azungulira chikuni cha moto.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti pa nthawi imeneyo magetsi anali atafika kale m'dziko muno, ndipo ena mwa iwo ankapangidwa ndi madzi a phiri lomwelo limene munthu wa ku Phalombe amaliona akangotuluka m'nyumba. Magetsi sanachedwe kuoloka nyanja zikuluzikulu kuchokera ku Ulaya. Chimene chinawatengera zaka zambirimbiri ndi kuzungulira phiri limodzi.

Kutsidya la nyanja, babu loyamba lodalirika linapezeka cha m'ma 1879, pamene Thomas Edison wa ku America ndi Joseph Swan wa ku England, aliyense payekha, anapeza njira yowalitsira kaulusi kamakala m'kati mwa galasi lopopedwamo mpweya wonse, kuti kaulusiko kazingofiira ndi kuwala koma osapsa n'kutha. M'chaka chomwecho kampani ya Siemens inaonetsa ku Berlin kasitima koyendera magetsi, ndipo mu 1881 sitima yapamsewu yonyamula anthu inayamba kuyenda ku Lichterfelde, m'mphepete mwa mzindawo. Mu 1882 Edison anatsegula malo opangira magetsi mumsewu wa Pearl Street ku New York. Chaka chomwecho tauni ya Kimberley ku South Africa, kumene ankakumba dayamondi, inaika nyali za magetsi m'misewu yake. Ndi chaka chimenechinso pamene ku Blantyre inamangidwa nyumba ya Mandala, ya kampani ya African Lakes, imene ikadalipo mpaka lero. Nkhani ya Kimberley ndi yofunika kuigwira bwino, pakuti ikuonetsa khalidwe limene magetsi anabwera nalo kuno ku Africa: ankapita kumene kuli chuma chofuna makina, osati kumene kuli anthu ambiri.

M'dziko muno kuwala kwatsopanoku kunayambira pa mishoni ndi pa boma. Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia ku mapiri a Khondowe mu 1894, anafuna kumanga sukulu yophunzitsa zonse, za m'mabuku ndi za manja zomwe. Mu 1905 mishoniyo inayamba kupanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Manchewe, ndipo zitsulo zake zolemera zinachita kukwezedwa phiri lija kuchokera kunyanja ndi mphamvu za anthu ndi ng'ombe. Ku Zomba nako, kumene kunali likulu la atsamunda, madzi a Mulunguzi anayamba kuunikira nyumba za boma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Nzeru yake si yovuta. Madzi amapatutsidwa pamwamba, n'kulowetsedwa mumpope wotsetsereka. Akamafika pansi amakhala ndi liwiro loopsa, n'kumenya gudumu la zipsepse, gudumulo n'kuzunguza makina okhala ndi maginito ndi nthambo za kopa. Aliyense amene anakwerapo njinga yakale yokhala ndi dayinamo yotsamira pa tayala anagwirapo kale nzeru imeneyi, kungoti pa njinga mwendo ndiwo umagwira ntchito ya mtsinje.

Pa zaka zomwezo Phalombe anali kutaya mwayi umene sankadziwa n'komwe kuti ali nawo. Mu 1893 atsamunda anamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pofuna kutseka njira imene ogulitsa akapolo ankadzera popita kugombe la Quelimane. Malonda oipawo atatha, lingalo linakhala lopanda ntchito, ndipo patapita zaka pafupifupi khumi linasiyidwa. Ulamuliro wa dera lonse unakhazikika kuseri kwa phiri, ku boma la Mulanje. Motero pamene nyali za magetsi zinkayamba kuyaka pa maboma, mzungu wa boma anali atachoka kale mbali ya Phalombe, kusiya makoma kuti amere udzu.

Phiri nalo linachita tsankho, ngakhale silikanachitira mwina. Mitambo yochokera kunyanja ya mchere imayamba kugunda mbali ya kummwera ndi kummawa, n'kukhuthula mvula yake kumeneko. Ikamafika kuchigwa cha Phalombe imakhala itapepuka. Mbali yonyowayo ndiyo inakonda tiyi, amene Henry Brown anayamba kubzala ku Mulanje mu 1891. Tsono tiyi ndi mbewu yosadikira. Tsamba likathyoledwa liyenera kufota, kupotedwa ndi kuumitsidwa pasanapite nthawi, apo ayi limaonongeka, ndipo zonsezi zimafuna fakitale yokhala pamunda pomwepo. Eni minda anayang'ana mitsinje yosaphwa yotsika m'phiri monga Ruo, n'kuona kuti mphamvu imene ankaisowa inali kungotayikira pansi usana ndi usiku. Minda ya Lujeri ndi chitsanzo chodziwika cha amene anadzipangira okha magetsi a madzi atsamunda akadalipo. Kuchigwa cha Phalombe kunkalimidwa thonje, fodya, chimanga, mapira ndi nandolo, ndiponso mpunga chakufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mbewu zimenezi zimauma ndi dzuwa, zimasungika munkhokwe kapena m'thumba, ndipo palibe imene inkakakamiza munthu wa ndalama kukoka nthambo.

Komatu anthu a mbali ziwirizi anali amodzi. Alomwe amene ankaoloka malire kuthawa ulamuliro wankhanza wa Apwitikizi anakhazikika kuzungulira phiri lonse, ndipo ambiri mwa othyola tiyi ndi ogwira thangata anali iwowo. Mnyamata wa ku Chiringa kapena ku Migowi ankatha kuyenda tsiku lathunthu kukagwira ntchito kumunda wa tiyi, kuona fakitale ili ngwee pakati pa usiku, n'kukagona m'kanyumba ka antchito kounikiridwa ndi moto wa nkhuni. Magetsi ankawaona, mwina ngakhale kupukuta makina ake, koma sanali ake. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Amene anaona zambiri ndi aja anapita kutali, ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni, ena polembedwa ndi Wenela, ena pothawa msonkho n'kuyenda okha pansi. Iwo ndiwo anakumana ndi mayendedwe a magetsi. Cape Town inali ndi sitima zapamsewu zoyendera magetsi kuyambira mu 1896, Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo, mu 1904, ndipo Johannesburg mu 1906. Chinali chinthu chovuta kuchifotokoza kwa otsala kumudzi: ngolo yaikulu yodzaza anthu, yoyenda pa njanji pakati pa msewu, yopanda ng'ombe, yopanda utsi, yongogwira nthambo ya m'mwamba ndi ndodo yaitali imene inkathetheka moto. Ku Joni munthu wakuda sankakwera paliponse pamene wafuna, popeza tsankho linalowa ndi m'sitima momwe. Pansi pa mgodi m'pamene magetsi anamuyandikira kwenikweni, pamene makandulo analowedwa m'malo ndi kanyali ka pachipewa kokhala ndi batire lomangirira m'chiuno. Mwininyali anali mwinimgodi, ndipo inkabwezedwa munthu akatuluka kudzenje.

Liwu lenilenilo lakuti magetsi likuchitira umboni ulendo umenewu. Achishona amati magetsi, Azulu amati ugesi, ndipo gwero lake ndi liwu la Chingerezi lotchulira mpweya woyaka umene unkaunikira misewu ya m'matauni mababu asanabwere. Nyali zitasintha, dzina linatsalira. Liwulo linakwera kuchokera kummwera m'kamwa mwa obwerera kwawo, pamodzi ndi majasi, magalamafoni ndi masutikesi achitsulo, ndipo m'midzi yambiri linafika zaka makumi angapo nthambo isanaoneke. Anthu anayamba kulitchula, kuliika m'nthabwala ndi kuyerekezera nalo maso a mtsikana wokongola asanakhudzepo switchi.

Kuno kwawo za mayendedwe a magetsi kunalibe, ndipo sizinabwere. Mzungu ankayenda pa machila, wonyamulidwa pamapewa ndi anyamata osinthana, kapena pa gareta. Katundu ankayenda pamitu ya amtengatenga. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene tsopano ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, kudzera pa Luchenza pamene pankakwezedwa tiyi wa ku Mulanje. Sitima zake zinali za nthunzi, kenaka za dizilo, ndipo njanji ya Malawi sinaikidwepo nthambo za magetsi. Ku Johannesburg sitima zapamsewu zija zinayenda zaka 55 n'kuchotsedwa mu 1961, dziko lino lisanakhale ndi malo aakulu ngakhale amodzi opangira magetsi a madzi.

Kusintha kwenikweni kwa usiku wa kumudzi kunabwera ndi chinthu chonyozeka, koloboyi. Kachitini kotha ntchito, kansalu kopota, ndi parafini wogula pang'onopang'ono kusitolo ya mmwenye, basi. Olemba mbiri sakatchula kawirikawiri, komabe mibadwo iwiri kapena itatu ya aphunzitsi, anamwino, abusa ndi makalaliki ochokera kumidzi inawerengera mayeso pa kanyali kameneka, n'kumadzuka mphuno zili bii ndi mwaye. Opezako bwino ankagula nyali ya galasi, ndipo nyali yopopa, yolira ngati njoka ndi kuwala ngati masana, inkapezeka pa mishoni, pa ukwati kapena kunyumba ya mphunzitsi wamkulu.

Magetsi a dziko lonse anachedwetsedwanso ndi ndale. M'zaka za m'ma 1950 kunali mapulani aakulu ogwiritsa ntchito mtsinje wa Shire, koma chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasalande, chimene chinayamba mu 1953, chinaika ndalama zake pa damu la Kariba, lomwe linatha mu 1959 n'kumatumikira migodi ya kopa ndi mafakitale a maiko awiri a Rhodesia. Bungwe loyang'anira magetsi ku Nyasalande linakhazikitsidwa mu 1957, ndipo linkadalira kwambiri injini za dizilo ndi malasha ochokera kunja pounikira matauni ochepa. Pamene boma la chitaganya linafuna kumanga makina pa mathithi a Nkula, Dr Kamuzu Banda ndi chipani cha Malawi Congress anakana, poona kuti mphatso yotero inali chingwe chomangira dziko ku chitaganya chimene ankafuna kuchiphwanya. Wina angati kunali kuuma mutu, wina n'kuti kunali kuona patali; chodziwika n'chakuti chitaganya chinatha mu 1963, ufulu unabwera mu 1964, ndipo Nkula anayamba kugwira ntchito mu 1966 ndi mamegawati 24. Tedzani anatsatira mu 1973.

Ngakhale pamenepo, chimene chinayamba kufika pa midzi ya ku Phalombe kuchokera m'phiri si nthambo koma mpope. M'zaka za m'ma 1970 anthu a m'chigwachi anakumba okha ngalande zazitali ndi makasu awo, mudzi uliwonse chigawo chake, boma n'kupereka mapaipi ndi alangizi, mpaka madzi a m'phiri anayamba kutuluka pa mipope ya m'midzi popanda injini iliyonse. Kusiyana kwake n'koonekeratu. Madzi amangofuna kutsetsereka ndi manja ambiri, ndipo zonse ziwiri Phalombe anali nazo. Magetsi amafuna kopa, mathiransifoma ndi ndalama zakunja, komanso munthu wolipira mwezi ndi mwezi kumapeto kwa nthamboyo. Ndondomeko ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, ya MAREP, inayamba mu 1980, ndipo inkayambira pa malo a malonda, zipatala ndi masukulu. Phalombe anadzakhala boma loima palokha mu 1998, patapita pafupifupi zaka zana chisiyidwireni linga lija la pampata.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko lonse mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi a nthambo, pamene oposa theka ankadalira tochi ya mabatire. Koloboyi anali atatsala pang'ono kuzimiririka. M'zaka za m'ma 2010 anthu a ku Bondo anayamba kulandira magetsi a kamakina kakang'ono koikidwa pa mtsinje wa Lichenya, pansi pa bungwe la MEGA, ndipo kwa nthawi yoyamba madzi a phiri la Mulanje anaunikira nyumba za anthu wamba, sukulu ndi chipatala cha kumudzi, osati fakitale ya tiyi yokha. Bondo nayenso ali mbali ija yonyowa. Kuchigwa cha Phalombe, kumene mvula imafika itachepa, mabanja ambiri a kutali ndi msewu atembenukira ku chimene ali nacho chochuluka: pamwamba pa madenga a udzu ndi a malata paoneka timagalasi ta sola, totchajira foni masana ndi kuyatsa babu limodzi madzulo.