Bokosi Lomwe Linasintha Madoko

Kale sitima yapamadzi ikafika padoko inkatha masiku ambiri, mwinanso sabata yathunthu, anthu akutsitsa ndi kupakira katundu. Matumba, migolo ndi mabelo a thonje zinkanyamulidwa chimodzichimodzi. Zina zinkasweka, zina zinkabedwa, ndipo sitimayo, yomwe imapindulitsa mwini wake pokhapokha ili paulendo, inkangoti njo padokopo.

Amene anathetsa vutoli sanali mmalinyero ayi. Malcom McLean, mbadwa ya ku North Carolina m'dziko la America, anali mwini kampani ya malole. Eni sitima ankayesa kuti ntchito yawo ndi kuyendetsa sitima basi. Iye anaona kuti ntchito yeniyeni ndi kufikitsa katundu kwa wogula, ndipo kuti lole, doko, sitima ndi njanji ndi ziwalo za thupi limodzi. Pa 26 Epulo 1956 sitima yake, Ideal X, inanyamuka ku Newark kulowera ku Houston itasenza mabokosi akuluakulu 58, omwe sanatsegulidwe m'njira monse.

Tisanamizane, bokosilo silinali lachilendo, pakuti makampani a njanji anali atayesapo kale mabokosi otere. Luntha la McLean linagona pa kukonza zonse zozinga bokosilo. Sitima anazimanganso, makina okwezera katundu anawasintha, ndipo injiniya Keith Tantlinger anapanga zokolowekera za m'ngodya kuti bokosi ligwirike msanga ndi kusanjikizana ndi linzake. Komabe panatsala mfundo yovuta: bokosi la kampani ina silinkakwana pasitima ya kampani inzake. Atakangana zaka zingapo, a bungwe la ISO anakhazikitsa miyeso yofanana mu 1968, kampani ya McLean italola kuti aliyense atengere ulere mapangidwe a ngodya zija. Ine ndimaona kuti kulolera kumeneku n'kumene kunapambana zonse.

Sikuti onse anasangalala. Zikwi za amuna onyamula katundu zinachotsedwa ntchito. Madoko akale a mu London, pokhala opanikizika ndi nyumba, anatsekedwa onse pofika 1981, pamene doko la Felixstowe linakula.

Ife a kumtunda, opanda nyanja yamchere, makontena amatipeza kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ena akatopa ndi maulendo amathera pamsika, atabooledwa zenera, wina akugulitsiramo sopo ndi shuga.